Kuthawa Yachinayi

Sindikudziwa kuti tinayenda zaka zingati. Ndikafuna kuwerenga ndimayamba ndi matayala a njinga amene tinatha, koma nawonso amandisokonekera, chifukwa ena tinkawasoka n'kuwabwezeranso. Chimene ndikudziwa n'chakuti tinanyamuka awiri, ine ndi msuweni wanga Dzinkambani, mwana wa amalume. Pakaliyala tinamangapo kanema wamng'ono, batire la galimoto, makina a gemu, mapadi awiri osewerera ndi chimbale chimodzi chokulunga m'kansalu. Ine ndinkakankha njinga, iye ankagwira kaliyala kumbuyo n'kumandinena kuti ndimayenda ngati bakha wokhuta.

Dzinkambani anasiya kuona ali kale ndi ndevu. Matenda a shuga anamudya maso pang'onopang'ono, kuyambira lakumanzere. Ntchito yake ya utelala inatha, mkazi amene ankamufunsira anapeza zifukwa zake, ndipo anthu akwathu anayamba kumulankhula ndi mawu ofewa aja olankhulira odwala. Akafika pabawo, amuna ankasiya kunyozana n'kumupatsa mpando wabwino. Womutukwana ndinatsala ine ndekha, poti chisuweni chimalola. Iye ankanditcha mkazi wake waulesi, ine ndinkamutcha mwamuna wanga wopanda ngakhale mbuzi, ndipo amayi ankangopukusa mutu.

Gemu imene tinanyamula inali ya ndewu. Dzina lake lenileni linafufutika kalekale pachimbale, ndiye aliyense ankangoti Yachitatu, popeza kunali Yoyamba ndi Yachiwiri zimene ife sitinazionepo. Anthu awiri amakhala pansi, aliyense n'kusankha womenya wake pakanema, n'kumaswana mpaka mmodzi agwe. Ali ndi maso, Dzinkambani ankasewera ngati wina aliyense, lero kuwina mawa kuluza. Maso atapita, tsiku lina ndinamupeza atagunditsa khutu pasipika, padi ili m'manja. Anali atatulukira kuti mwa omenya onse aja muli nkhalamba ina yadazi yovala nsapato zamatabwa, ndipo ikaponda zimamveka. Ikabwerera m'mbuyo zimalira mwina, ikalumpha zimakhala chete, ikatera zimalira kawiri. Kenako anaphunzira enawo: uyu amapuma asanaponye mwendo, uyu malaya ake amachita phokoso akamatembenuka, uyu amakuwa mochedwa. Dzinja limodzi litatha, m'mudzi mwathu munalibenso womugwetsa.

Tsiku limene anagonjetsa mphunzitsi wa masamu kasanu motsatizana ndinamuyang'ana kumaso. Nkhope yake yakale ija, ya mwano ndi matama, inali itabwerera. Ndinamukonda kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinalumbira mumtima kuti chinthu chimodzi chimene chamutsalirachi palibe adzamulande ine ndili moyo. Akwathu atatopa kuluza, ndinagula tambala wofiira, n'kumumangirira pahandulo, ndipo tinapita kukafuna anthu ena. Lamulo lathu linali lapafupi: uponye kangachepe m'mbale, ukhale pansi, ukamugwetsa wosaonayu tambala ndi wako.

Malo oyamba amene ndimakumbukira bwino ndi tauni ya masikelo, kumene mpweya wonse unkanunkha fodya wouma ndipo munthu aliyense ankaoneka kuti akudikira lole. Tinayala pakhonde la golosale yotsekedwa. Alimi ankabwera ndi zala zakuda ndi utomoni wa fodya, ankafinya mabatani ngati akupha nsabwe, ndipo sabata isanathe padi imodzi inaduka waya m'kati. Moyang'anana nafe munali a Yobe, okonza mawailesi, bambo wosakonda kulankhula amene ankasunga tizitsulo tawo m'mabotolo a mankhwala. Anandiphunzitsa kuwotcha msomali pambaula, kuugwira ndi chopanira, n'kudonthezera mtovu pamene waya wadukira. Anati chinsinsi chake n'kusapuma mpaka dontho liume. Ndinadziwotcha chala chachikulu kawiri, kachitatu padi inadzuka.

M'tauni imeneyo ndi mmene funso lija linatipeza koyamba. Linabwera ndi wakabaza wina wa jekete lobiriwira. Ataluza anapukuta manja n'kufunsa ngati tili ndi Yachinayi. Ine ndinali ndisanamvepo kuti kunja kuno kuli Yachinayi. Anayamba kusimba, anthu n'kumuzungulira: thukuta limaoneka pamphumi, malaya amang'ambika, ukamumenyetsa munthu kukhoma khomalo limagumuka n'kugwera naye kubwalo lina. Ndinamukokera pambali, kuseri kwa njinga yake, n'kumufunsa chapansipansi za nkhalamba ya nsapato zamatabwa.

"Imeneyo mulibe, achemwali. Akuti inamwalira. Muli mwana wake wamkazi, koma amamenya wopanda nsapato."

Masana omwewo ndinamanga katundu. Dzinkambani ndinamuuza kuti mwini khonde wabwera ndipo akufuna kutsegula golosale yake. Panjira anandifunsa za Yachinayi ija, ine ndinati n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, zinthu za masiku ano amazipanga zongonyezimira. Iye anati chabwino mkazi wanga, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa dala mawu kuti andipsetse mtima.

Tinayenda msewu wafumbi lofiira umene sunkafuna kutha. Mvula inkagwa mbali imodzi ya msewu, ife tinkayenda mbali youmayo. Tinafika pamudzi wa oumba njerwa, pamene nyumba zonse zinali zomata ndi dothi chifukwa njerwa zinkapita kutauni. Kumeneko ndinaphunzira za batire kwa wometa wina dzina lake Likisho, amene anali ndi sola padenga ndi lilime losatopa. Anandiuza kuti batire silimwa madzi a pamjigo, limafuna a mvula, otchera m'beseni loyera pabwalo, osati odontha kudenga. Anandionetsa kupala zoyera zija zomera pamitu ya batire, ndi kuliika pamthunzi dzuwa likakula. Ankatitchajira ulere malinga Dzinkambani amugwetseko kamodzi patsiku. Oumba njerwa ankasamba m'manja asanagwire padi, osauzidwa ndi munthu, ndipo ndinawakonda chifukwa cha chimenecho.

Tinakhala mpaka uvuni wachitatu utapsa. Kenako m'mawa wina munthu amene Likisho ankamumeta, nsalu ili pakhosi, theka la mutu litayera kale, anatembenuka n'kufunsa ngati Yachinayi tili nayo. Nkhope inali ina koma mawu anali omwe aja a wakabaza. Ameneyu anawonjezera kuti mu Yachinayi mumagwa mvula, mumalira ng'oma, ndipo khamu la anthu limakuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinaganiza za khutu la msuweni wanga m'kati mwa phokoso lonselo. Ulendo uno ndinanama kuti madzi a pamudzipo akunditsegula m'mimba. Dzinkambani anati vuto si madzi koma dyera langa, ndipo anagwira kaliyala.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kusankha njira. Pamphambano iliyonse ndinkayang'ana kumene kwapita mawaya a magetsi, ine n'kukhotera kwinako. Ndinkafunsa amayi otunga madzi ngati kutsogoloko foni imagwira, akati imagwira ndinkathokoza n'kubwerera. Midzi inayamba kufanana. Paliponse panali mtengo wa mango kapena khonde, paliponse woyamba kukhala pansi anali wodzitama, wachiwiri woledzera, ndiye pambuyo pake pankabwera wofatsa wina amene ankatsala pang'ono kuwina n'kupita kwawo. Tinkakhala mpaka funso litipeze. Nthawi zina linkatenga miyezi, nthawi zina tinkalipeza litafika kale, likutidikira pabenchi la golosale.

Kumapiri a tiyi nkhungu inkalowa mpaka m'matumba a zovala. Othyola tiyi ankabwera Loweruka masana, madengu ali kumsana, ndipo anali anthu aulemu kwambiri moti ndinkachita nawo manyazi. Sankakuwa. Dzinkambani akagwetsa munthu, ankawomba m'manja mofatsa ngati ali m'tchalitchi. Mbiri inali itatitsogolera ndipo inanenepa panjira: ena ankati ali ndi mphini m'zala, ena ankati anagulitsa maso kuti agule manja. Mayi wina anabwera ndi mwana wodwala kuti amugwire pamutu. Ambiri ankaponya ndalama m'mbale osakhala n'komwe pansi, n'kukaima chapatali kumuyang'ana. Ine ndinkaona mbale ikudzaza n'kumati zikuyenda. Sindinazindikire kuti tsiku lathunthu linkatha popanda munthu womufunsa ngakhale za mpira.

Tambala anafera kumeneko, ndi ukalamba. Anali atayenda nafe nthawi yonseyo pahandulo, tsumba litagwera mbali imodzi, osawinidwa ndi munthu. M'mawa wina sanalire, basi. Ndinamuphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka koma nyama inakana mano. Dzinkambani anatafuna nthawi yaitali, kenako anati tambalayu wafa osadziwa khomo la munthu wina, ndipo si bwino chinthu kukalamba chopanda wochiwina. Ine ndinaseka, ndinkayesa ndi nthabwala. Sitinagule wina. Patapita masiku, namwino wa pachipatala cha esiteti anatifunsa za Yachinayi ali panjinga yamoto, osazimitsa n'komwe injini.

Tinakwera mpaka kumene msewu umasanduka njira, njira n'kusanduka kanjira ka mbuzi. Kumathero kwake kunali owotcha makala, anthu okhala m'misasa, amene anali asanaonepo gemu ya mtundu uliwonse. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati pano ndiye tafika. Anatilandira bwino, anatipatsa msasa wathu, ndipo ine ndinaphunzira ntchito yawo: kusanja mitengo, kukwirira ndi dothi, kuyang'ana utsi. Utsi ukakhala woyera ndiye kuti mitengo ikadali ndi madzi, ukayamba kupyapyala ndiye kuti yapsa, tseka mabowo. Batire ndinkalitsitsa kumsika wa kumunsi pamodzi ndi matumba a makala, n'kubwera nalo lodzaza.

Koma Dzinkambani anayamba kuchepa mawu. Owotcha makala sankadziwa ngakhale kutchinga, ndipo iye ankawagwetsa asanamvetse kuti womenya wawo ndi uti. Anayesa kusewera ndi dzanja limodzi. Anayesa padi ili kumbuyo. Tsiku lina masana ndinamuona akuwina ali mtulo, mutu utagwera pachifuwa, zala zikuyenda zokha, ndipo mnzake uja anadzuka mwakachetechete kuopa kumudzutsa. Anasiya kunditcha mkazi wake waulesi. Ndinkamuputa dala, kumubisira nsapato, kumuthirira mchere wambiri m'ndiwo, iye n'kungoti zikomo. Zikomo ameneyo ankandiopsa kuposa china chilichonse, koma ndinkadziuza kuti ndi shuga wakwera, n'kumamuchepetsera mbatata.

Chimbale nachonso chinali chitatopa. Pokalika ndinkapapukuta ndi mankhwala otsukira mano, kuchokera pakati kupita kunja, monga anandiphunzitsira woonetsa mafilimu wina m'tauni imene ndinaiwala maonekedwe ake. Koma pabowo lapakati panayamba kamng'alu kochepa ngati tsitsi, ndipo mng'alu ulibe mankhwala. Kankakula sabata iliyonse. Tsiku lina nkhalamba ija inalumpha, n'kuima m'malere osateranso. Dzinkambani anadikira kulira kwa nsapato, khutu lili pasipika, ndipo anadikira nthawi yaitali. Amene ankasewera naye, bambo wa makala wa mano awiri, anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa foni. Anati tisadandaule, mphwake anamuikira kumsika kakanema ka gemu ina yatsopano, mwina tingagule imeneyo. Anandionetsa: inali Yachinayi. Ndinayang'ana kuseri kwa misasa, kumene phiri limathera paphompho, ndipo kunalibenso njira ina yokhotera.

Kutsika kunali kwachangu modabwitsa. Njira imene tinaikwera zaka tinaitsika masiku atatu, ndipo tinafika m'tauni ya mlatho, yodzaza ndi maminibasi ndi fungo la tchipisi. Anthu anatilozera kwa mayi Lekeleni, ogulitsa magemu kuseri kwa depoti. Dzinkambani ndinamusiya m'tiyirumu ndi kapu ya tiyi wopanda shuga, n'kumuuza kuti ndibwera pompano.

Mayi Lekeleni anali aafupi, a magalasi omanga ndi ulusi, osadziwa kunyengerera kasitomala. Anafufuza m'katoni n'kutulutsa chimbale cha Yachitatu chosakalika ngakhale pang'ono, chotsika mtengo ngati mulu wa masamba, chifukwa panalibenso wochifuna. Kenako analoza pashelefu. Yachinayi inali pomwepo, koma siilowa m'makina akale, imafuna akeake. Anasuzumira katundu wathu pakhomo n'kunena mosabisa kuti angandipatse zonse ziwiri, makina ndi chimbale, ndikawasiyira njinga, zonse zimene ndinamanga pamfundo ya chitenje, ndi makina athu akale kuti awaphwasule achotsemo zipangizo. Ndinati ine ndabwerera Yachitatu basi. Anati palibe vuto, koma munthu sakana ndiwo asanalawe, ndipo anandiika padi m'manja.

Ndinene zoona, poti kunama kunanditopetsa. Yachinayi inali yokoma. Ndinali ndisanasewere kuyambira tsiku limene tinanyamuka kwathu, ntchito yanga inali mawaya ndi mbale, koma zala zinakumbukira. Ndinasankha mwana wa nkhalamba uja. Anali wopepuka, ankamuzungulira munthu asanaphethire, ndipo ukatchinga pa nthawi yake ankabweza nkhonya yomweyo kwa mwini wake, chinthu chimene mu Yachitatu munalibe. Khoma linagumukadi. Ndinaseka ndekha mokweza m'shopu ya eni. Kenako ndinatsinzina, n'kuyesa kumvetsera monga amachitira iye. Ndinamva mvula, ng'oma ndi anthu okuwa. Mapazi a mtsikanayo sindinawamve ngakhale pang'ono. Potsegula maso ndinali nditagwetsedwa kale, ndipo ndinabweza padi.

Ndinagula Yachitatu n'kubwerera kutiyirumu. Tiyi anali atazizira kalekale ndipo mithunzi inali itasuntha. Ndinamuuza kuti chimbale chathu ndachipeza, ndipo Yachinayi ija ndaiona, ndi yachabechabe monga ndinkanenera, phokoso lokhalokha. Anazunguza kapu patebulo.

"Chinthu chachabechabe sichichedwetsa munthu chonchi," anatero. "Ndine wakhungu, mkazi wanga, sindine gonthi. Funso lija ndinalimva kwa wakabaza, ndinalimva kwa wometedwa uja, ndinalimva paliponse. Ndi za nsapato zomwe ndinamva."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndinkayesa kuyendaku kukukukomera. Unkaphunzira ntchito, unkanenepa. Ndinati ndimusiye, mwina kwawo kunamutopetsa."

Ndinamutukwana mawu amene sindingawabwereze pano, mpaka mwini tiyirumu anasuzumira. Iye anaseka, koyamba m'miyezi yambiri, ndipo anati ndimuperekeze akaimve yekha. Ndinamuchonderera. Ndinamuuza zonse, za mvula, za ng'oma, za mapazi osamveka. Ndinati akakakhala pampando umenewo akagwa pamaso pa anthu, ndipo ine sindinakankhe njinga zaka zonsezi kuti ndidzaone zimenezo. Anaimirira n'kuyamba kufufuza chitseko yekha.

Kuseri kwa shopu ya mayi Lekeleni kunali chisakasa cha malata, benchi, kanema wamkulu ndi mzere wa anthu: makondakitala, alonda ongoweruka kumene, amayi a mumsika. Kumeneko kunalibe katswiri wodikira alendo monga tinkachitira ife. Wowina ankakhala, woluza ankadzuka n'kupita kumapeto kwa mzere. Amene anali pabenchi anali mayi wogulitsa tomato, Nasibeko, chitenje chomanga m'chiuno, pakamwa posatseka, ndipo anali atadzutsa kale amuna asanu ndi mmodzi. Anthu ataona mmene Dzinkambani ankayendera anapatuka kuti adutse, ndipo iye anakhala pabenchi. Anandiuza kuti ndimusankhire mtsikana uja.

Sizinatenge nthawi. Anapendeketsa mutu kufuna sipika, koma sipika inali m'mwamba, ikulavula mvula ndi ng'oma. Mtsikana wake ankamenya mphepo, kulumphira kolakwika, kutchinga popanda chobwera. Nasibeko anamumenyetsa kukhoma, khoma linagumuka, anamutsatira pansi n'kumumaliza. Ine ndinali nditaluma nsonga ya chitenje. Kondakitala wina ananena chapansipansi kuti amupatsenso mwayi, si bwino, munthuyu saona.

Nasibeko sanatembenuke n'komwe.

"Saona, koma pabenchipa anakhala yekha. Dzukani, bambo. Mwamenya ngati mukupha udzudzu. Mukaphunzire kaye."

Ndinafuna kumulumphira mayi ameneyo. Koma nditayang'ana msuweni wanga ndinapeza akumwetulira mano onse ali pamtunda. Anamuyankha kuti tomato wake ayenera kuti ndi wofinyikafinyika ngati amamugwira mmene amagwirira padi, ndipo Nasibeko anati abwerenso adzafinyidwe iyeyo. Anthu anaseka, kuseka kwenikweni kwa pamsika, kopanda ulemu. Dzinkambani anadzuka. Wina anafuna kumusiyira malo kutsogolo, iye anakana, n'kumagwira mapewa a anthu mmodzimmodzi mpaka kumapeto, akufunsa kuti womaliza ndani.

Anagwa kanayi masana amenewo. Ulendo wachitatu anamugunda Nasibeko nkhonya imodzi yokha, ndipo anakangana ndi mlonda wina pamzere nthawi yaitali ngati inali ngozi kapena nzeru. Anati pansi pa ng'oma pali kenakake kakulira, mwina zibangili za mtsikanayo, koma sakutsimikiza, pafunika miyezi, mwinanso sadzakagwira n'komwe. Ankanena zimenezi mosangalala ngati munthu amene wapatsidwa munda wosalimidwapo.

Ndinapita kukaima pafupi naye, chimbale cha Yachitatu chili m'manja. Ndinamuuza mtengo wa Yachinayi, kuti ndi makina athu, njinga ndi zonse. Ndinati makinawo akangowaphwasula, nkhalamba yake sidzabweranso. Ndinati akamaluza tsiku lililonse palibe adzabwerenso kudzamuona.

"Asabwere kudzandiona," anatero. "Abwere kudzasewera. Pamzere pano sindingagunditse khutu pasipika. Kagule."

Zingwe za pakaliyala ndinamasula ndekha. Mayi Lekeleni analandira chimbale cha Yachitatu n'kuchiponyanso m'katoni, anakankhira njinga kuseri kwa kauntala, ndipo makina athu anawatembenuza chagada n'kuyamba kuwatsegula ine ndili pomwepo. Ndinalira, sindibisa. Ndinalirira njinga, misewu, ndi zaka zimene ndinakhala ndikumutchinjiriza munthu ku chinthu chimene iye ankachilakalaka. Mayi Lekeleni anangondinyamulitsa katoni ya makina atsopano n'kundiuza kuti ndisaiike padzuwa.

Nditabwerera kuchisakasa ndinapeza Nasibeko atathamangira kumsika, akuti mbuzi zinalowa pa tomato wake, ndipo pabenchi panali mlonda uja. Dzinkambani anali womaliza pamzere. Anandiuza kuti ndiike katoni pansi, anandigwira mkono n'kundiimika patsogolo pake. Ndinati ine sindinabwere kudzasewera, iye anati pamzere salankhulapo zambiri. Mzere unayenda. Nthawi yanga itakwana ndinakhala pansi, ndipo mlondayo, amene anali atatopa ndi tulo, ndinamudzutsa pabenchipo mosavuta. Kenako benchi linalira, msuweni wanga anakhala pambali panga n'kufufuza padi ndi manja.

"Ukandimvera chisoni ndidziwa," anatero, "ndipo ukwati uthera pompano."

Ndinapukuta maso ndi chitenje kuti ndione bwino. Ndinagwira padi, ndipo ndinamumenya msuweni wanga ndi mtima wanga wonse mpaka anagwa.